Liwu Limene Likusowa pa Fomu ya Natasha

Lachiwili, 10 Juni 2025

Ndafika ku Nyimba cha m'ma 15 koloko. Basi inataya ola lathunthu pa Kacholola, kondakitala akukangana ndi bambo wina amene amafuna kukweza mbuzi ziwili. Msana wanga watha. Zaka 44 si masewela.

Asisi a Sarah anandichingamila pa siteshi atanyamula phava la nthochi, ngati ndikuchokela kudziko kopanda nthochi. Moni wawo: "Iwe Yvonne, wanenepa. Mbewa zija wayamba kudya?" Nthabwala imeneyi ili ndi zaka khumi ndi zinayi ndipo sikalamba. Kwa iwo nchito yanga ku Joni ndi kuweta mbewa zoyela m'timabokosi, kuzigulila chakudya, n'kumazisiya osadyako ngakhale imodzi. Mwana wa ku Nyampande weniweni kuchita zimenezo. Amati sukulu inandiwononga mutu.

Natasha, mwana wawo mmodzi yekhayo, watha kuposa pa zithunzi. Zaka 20, koma ungati ali giledi 9. Maso achikasu, majuzi awili dzuwa likuwala. Siko selo, matenda ake a magazi aja, yamugoneka m'chipatala kawili chiyambile kuzizila kuno. Koma pakamwa ndiye sipadwala. Wandiuza kuti tsitsi langa likuchititsa manyazi banja lonse, adzandiluka ndisanaonekele kwa anthu.

Ndilembe bwinobwino chimene ndabwelela, mutu ungandisokonekele. Kafukufuku wathu wofuna kuchiza siko selo wafika poyesedwa pa anthu. Zambia yapatsidwa malo asanu ndi amodzi, ndipo dzina la Natasha lilipo. Sindinalilembe ndine, analemba ndi aDaka, nesi wa ku Petauke amene amasunga kaundula wa odwala siko selo. Komiti yovomeleza kafukufukuyu ikudziwa kuti ndi mwana wa mkulu wanga, choncho ine sindiloledwa kumusainitsa fomu kapena kugwila magazi ake. Changa ndi kumupelekeza chabe. Ayenela kukhala ali ku Lusaka pofika Lachisanu pa 20 kuti akamupime ngati thupi lake lingapilile. Akapanda kufika, malo apita kwa wotsatila pa mndandanda.

Lachitatu, 11 Juni

Ku Petauke. ADaka ndi Lazarous uja tinali naye ku sekondale, nthawi imene anali ndi tsitsi. Anandipatsa fomu ya Chinyanja imene adzawelengele asisi ndi Natasha Lachisanu. Masamba khumi ndi limodzi. Ndinakhala pa benchi panja kuti ndingoponya maso. Ndinathela pomwepo maola awili.

Zonse zilimo. Kuti adzatenga maselo a m'mafupa ake, aja amene amabala magazi. Kuti ku labu tidzaikamo malangizo atsopano kuti azibala maselo ofiila abwino, osati opindika ngati chikwakwa amene amatseka mitsempha. Kuti asanawabwezele m'thupi adzamupatsa mankhwala amphamvu, tsitsi lidzathothoka, ndipo mwina sadzabeleka. Kuti pali ngozi yaing'ono ya khansa ya m'magazi. Sanabise kanthu.

Kupatula liwu limodzi. Fomu ya Chizungu ikunena poyela kuti malangizowo amalowa m'selo atanyamulidwa ndi kachilombo kopangidwa kuchokela ku HIV, kochotsedwa mphamvu. Ya Chinyanja ikuti "chonyamulila chopangidwa mu labu". Ndinawelenga ndi chala: chonyamulila, chonyamulila, malo khumi ndi anayi. Ngati tikunena za thumba la pulasitiki. Liwu loti kachilombo mulibe ngakhale pamodzi.

Ndinaimbila a Hilary ku Lusaka. Ndiwo akuyang'anila kafukufukuyu kuno, ndipo ndiwo anavomeleza kumasulilaku. Sanadabwe n'komwe. Ati, "Dokotala, inu ndi akum'mawa, mukudziwa. Kuno munthu akamva kachilombo saganiza za chimfine. Tikangolemba liwu limenelo onse asanu ndi mmodzi athawa, ndipo pofika Sondo Petauke yense adzakhala atamva kuti tikubaya ana Edzi." Ati sitinaname, chinthucho ndi chonyamuliladi. Odwala akafika ku Lusaka adzawafotokozela pang'onopang'ono.

Ndinati ndamva. Chovuta n'chakuti a Hilary si munthu woipa, ndipo za Petauke akunena zoona.

Mu minibasi pobwelela ndinkangoganiza kuti inenso ndakhala ndikumasulila chimodzimodzi. Nchito yanga yoyamba mu 2004 inali yowelenga kuchuluka kwa kachilombo m'magazi a odwala, mu labu ina ku Lusaka. Kumeneko ndi kumene ndinayamba kukagomela, Mulungu andikhululukile. Kali ndi luso limene mankhwala alionse alibe: kamalowa m'selo n'kulembamo mawu ake osafufutika. Nzelu yochotsa mawu akewo n'kuikamo athu si yanga, ndinaipeza anthu ataiyamba kale. Changa ndi kachigawo kamodzi kamene kamachititsa kuti malangizo agwile nchito m'maselo ofiila mokha, osati paliponse. Kachigawo kameneko kandidyela zaka khumi ndi zinayi, mbewa zosawelengeka ndi ukwati umodzi. Pa zaka zonsezi asisi akandifunsa ndimati ndimagwila nchito ya magazi.

Lachinayi, 12 Juni

Natasha sanandiluke. M'mawa Natasha anatsuka makapu ndi madzi ozizila amai ake asanamuone, pasanathe ola miyendo inayamba. Salila. Amaluma kona ya pilo n'kumawelenga mizele ya malata. Asisi amachita zonse osaganiza: botolo la madzi ofunda, mapilitsi, kapu ya madzi ola lililonse, chikwama cha kuchipatala pakhomo kudikila. Ine wa madigili atatu ndinangoima ngati mtengo mpaka anandituma kukasonkha mbaula.

Ndikukupiza makala ndinakumbuka mbewa nambala 212. Chaka cha 2019, pambuyo pa zaka zitatu zimene chilichonse chimene tinkayesa chinkafa m'mbale za mu labu. Ndinaika dontho la magazi ake pa galasi ndikuyembekezela zikwakwa monga mwa masiku onse, ndipo ndinapeza maselo obulungila okhaokha. Ndinaganiza kuti ndasokoneza mbewa. Ndinabweleza katatu. Tsiku limenelo ndinaimbila asisi, ndikufuna kuwauza zonse, koma chimene chinatuluka ndi "nchito yayenda bwino lelo". Iwo anati zikomo Ambuye, Natasha ali pa dilipi, tilankhulana.

Masana zinapola, sitinapite kuchipatala. Natasha ati iyi inali yaing'ono, ya moni chabe.

Ndinamufunsa ngati akuopa za ku Lusaka. Ati chimene akuopa ndi Julayi.

Lachisanu, 13 Juni

ADaka awawelengela fomu. Ine ndinakhala panja monga mwa lamulo, pa benchi yomwe ija. Maola awili ndi theka.

Asisi anatuluka maso ali ofiila. Ndinadziwa kuti ndi tsamba la kubeleka. Natasha ati anawafunsa mkati momwemo kuti, "Amai, mdzukulu mudzamupeza kwa ine wamoyo kapena wakufa?" ADaka mpaka anatsokomola. Kusaina ndi ku Lusaka, koma onse awili avomela. Tipita.

Tinadya chipisi ndi nkhuku pafupi ndi siteshi. Asisi anasangalala mpaka kundigwila dzanja pagulu, chinthu chimene sanachitepo chimwalilile amai athu. Ati, "Yvonne, sukulu yako ija yabala." Kenako, akupukuta m'manja: "Nanga chonyamulila chimenechi n'chiyani? Chili ngati dilipi?"

Ndinati, "Ngati choncho."

Ndikulemba pano kuti ndisadzadzinamize m'tsogolo kuti sanandifunse. Anandifunsa, maso ndi maso, ndipo ndinati ngati choncho. Titabwelela ku Nyimba ndinakasungitsa matikiti awili a basi ya Lachitatu, yanga ndi ya Natasha. Asisi atsala, ali ndi mulu wa mayunifolomu a sukulu oti asoke.

ADaka potsanzikana anandikokela pambali. Ati iwo awelenga zimene zalembedwa, koma pa liwu lija lilime limawalemela.

Loweluka, 14 Juni

Natasha wandiluka. Maola anayi, mutu ukuwawa, koma ndikuoneka ngati munthu. Nthawi yonseyi amalankhula za zimene adzachite akachila. Kusamba madzi ozizila. Kupita ku koleji osayamba wafufuza kuti chipatala chili pati. Tsitsi likathothoka ati ndidzamugulile wigi yofiila kuti amai ake akomoke.

Tsiku lonse ndakhala ndikudziuza zifukwa. Zilipo zambili ndipo zonse n'zoona. Kachilombo kathuko sikangabelekane. Sikabayidwa m'thupi, kamakumana ndi maselo mu labu. Sikangamupatse Edzi, ndingalumbile pa manda a amai. Natasha ndi wamkulu, wosaina ndi iye. A Hilary adzamuuza ku Lusaka.

Koma ku Lusaka asisi sadzakhalako. Adzamva pa foni, mwana ali kale pa bedi, ndipo adzadziwa kuti ine ndinkadziwa.

Komanso 2005 sichoka m'mutu. Asisi ali ndi pakati pa miyezi isanu anakayezetsa kusikelo, n'kubwela kwa ine ku Lusaka ndi kapepala kosonyeza kuti ali ndi kachilombo, atakamanga m'chitenje. Amuna awo, alamu a Fernando, anali atayamba kale kutsokomola, chaka chotsatila tinawaika. Asisi anamwa mankhwala osaphonya, anabelekela kuchipatala, analetsa mwana bele pa miyezi isanu ndi umodzi apongozi awo akuwatukwana mudzi wonse ukumva. Kenako kudikila chaka ndi theka. Tsiku limene Natasha anapezeka kuti alibe kachilombo, asisi anakhala pansi pa simenti m'khonde la chipatala n'kuvula nsapato, sindidziwa chifukwa chake. Ati, "Chimodzi chokha ndachita bwino pa dziko lino." Siko selo inadziwika patapita chaka.

Awa ndi amene ndawauza kuti ngati dilipi.

Sondo, 15 Juni

Ndawauza.

Titaweluka ku chalichi tinakhala panja padzuwa, atatufe, kuswa nshawa. Ndinayambila patali, za maselo, za malangizo, mpaka Natasha anati, "Amai ang'ono, mukuzungulila ngati mwabwela kudzafunsila mbeta." Ndiye ndinangonena. Chonyamulila chija si dilipi. Ndi kachilombo. Timakapanga kuchokela ku HIV.

Asisi anapitiliza kuswa. Anaswa zina zitatu kapena zinayi. Kenako anati, "Bweleza."

Ndinabweleza. Ndinati za m'kati mwake timachotsa pafupifupi zonse, timangosiya chikopa ndi njila yolowela m'selo. Sikangabelekane, sikangadwalitse munthu. Ndinati zili ngati njoka yozulidwa mano ndi ululu womwe.

"Mwana wa njoka ndi njoka," anatelo. Sanakweze mawu. "Iwe Yvonne, unalipo. Kapepala kaja unandiwelengela ndiwe. Bambo ake unawaona mmene anathela. Ine ndinaletsa mwana uyu bele akulila masiku asanu, mabele atatupa, kuti kachilombo kasamufike. Lelo mng'ono wanga wakwela basi kudzamutenga kuti akamuike ndi manja."

Ndinati si komweko, asisi.

"Dzina lake n'chiyani?"

Asisi anapitiliza:

"Zaka zonsezi ukuti nchito ya magazi, kansi ukuweta chimene chinandisandutsa wamasiye. Ndipo Lachisanu ndinakufunsa."

Pamenepo ndiye panandipweteka.

Kenako Natasha anafunsa. Funso lake linaposa onse amene komiti yandifunsapo: akadzayezetsa pambuyo pake, adzamupeza nako? Ndinati choyezela cha pachala chija, ayi. Koma pali makina ena amene amafufuza zidutswa za kachilombo m'magazi, amenewo angathe kunama kuti ali nako, chifukwa kachidutswa kakang'ono kadzatsala m'maselo ake moyo wake wonse. Adzakhala ndi kalata yofotokoza.

"Kalata," anatelo asisi. Anaseka pang'ono, kuseka koipa. Anaimilila n'kukutumula makoko pa chitenje. "Natasha sapita."

Analowa m'nyumba. Makina osokela anayamba kulila, pa Sondo, chinthu chimene sachita.

Lolemba, 16 Juni

Walila mvula walila matope.

M'mawa ndinalembela komiti kuti fomu ya Chinyanja sikufanana ndi ya Chizungu, munthu asasaine isanakonzedwe. A Hilary anaimba pasanathe mphindi makumi awili. Sanakalipe, bola akanakalipa. Ati, "Mukudziwa kuti mwina mwapha kafukufuku wanu womwe?" Ndinati ndikudziwa. Apulofesa athu ku Joni analemba mzele umodzi, kufunsa ngati sindikanatha kudikila tikambilane kaye. Ngati anthu asakwanila, gawo la Zambia litsekedwa, ndipo zaka zanga zonse zidzathela kuchiza ana a mayiko ena. Sindinawayankhe.

Komiti yati kupima kwa Lachisanu kulipobe, koma mabanja onse awelengeledwenso ndi liwu lenileni tsikulo lisanafike. ADaka ali ndi mabanja atatu, lathu ndi ena awili. Ayamba kale. Bambo wa ku Mwape atangomva anatenga chipewa chake, n'kugwila mwana wake pa mkono, n'kutuluka osatsanzika.

Masana ndinapeza Natasha akuothela dzuwa kuseli. Ndinamuuza kuti ali ndi zaka 20, lamulo likumulola kusaina yekha. Sindinayenela kunena zimenezo, ndikudziwa. Anandiyang'ana ngati mwana ndine. Ati, "Ndikagwa amandinyamula ndi lamulo?" Sapita amai ake atakana, ngakhale iye akufuna, ndipo akufunadi. Ati kachilomboko sikamuopsa, wakula nako m'nyumba, ndipo amai ake ali ndi mphamvu kuposa iko.

Kenako anati, "Mukanangokhala chete, amai ang'ono. Masiku atatu chabe. Ndikanakwela basi."

Ndinapita ku khola la nkhuku n'kulila ngati chitsilu. Ndikuopa. Julayi akamutenga mwana uyu, ndidzakhala ndamupha ndi liwu limodzi, ndipo kuona mtima kwangaku sikudzamudzutsa.

Lachiwili, 17 Juni

Asisi andilankhula kamodzi lelo: "Madzi ali pa mbaula."

Cha m'ma 9 anavala n'kutuluka osanena kopita, anabwela 16 koloko fumbi lili m'mapazi. ADaka ananditumila uthenga kuti asisi anali ku Petauke. Anawapempha atenge fomu ya Chizungu, tsamba lachinayi, awamasulile mzele ndi mzele, kawili. Funso linali limodzi potuluka: ana amene analandila mankhwala otele kunjako ali moyo? ADaka anati funsani mng'ono wanu, ndiye akudziwa. Sanandifunse.

Banja lachitatu, la kwathu ku Nyampande, lavomela ngakhale lamva liwulo. Amai a mwanayo ati aika kale ana awili, dzina la mankhwala alibe nalo nchito. Sindikudziwa ngati ndisangalale.

Ndalongeza chikwama. Tikiti ya Natasha sindinabweze. Ndinafika pa ofesi ya mabasi, n'kuima, n'kugula chimanga chootcha chimene sindinkachifuna, n'kubwelela. Basi ndi mailo 8 koloko.

Lachitatu, 18 Juni

Lusaka, masana, pa benchi ina. Ndilembe msanga.

Ndinadzuka nyumba ili zii. Natasha anandipatsa tiyi. Chitseko cha asisi chinali chotseka. Ndinagogoda kuti nditsanzike, osayankha. Ndinapita ku siteshi ndekha, ndikukoka chikwama m'fumbi.

Basi yochokela ku Chipata inafika mochedwa pang'ono. Ndili pa mzele ndinangomva, "Iwe, gwila ichi." Asisi, atavala chitenje cha ku chalichi, akundipatsila kachikwama. Ndinayang'ana kumbuyo kwawo. Natasha kunalibe.

"Usayang'ane, sakubwela. Pa mpando wake ndikhalapo ine."

Ndinati nanga mayunifolomu. Ati ana a anthu apita ndi akale sabata ino, safa.

"Sindinavomele, umve bwino. Ndikupita kukaona a Hilary akowo, andiuze chifukwa chake anandiyesa mwana. Ndikufuna dokotala amene adzagwile Natasha alankhule ndi pakamwa pake, atchule dzina la chinthucho akundiyang'ana. Ndikakhutila ndiimba foni, aDaka amukweza basi ya mailo. Ndikapanda kukhutila ndibwelela ndekha, ndipo nkhani imeneyi usadzaitchulenso."

Ndinati chabwino, asisi.

Anakhala ku windo. Mpaka Kacholola manja awo anali pa chikwama. Titayamba kutsika mapili opita ku Luangwa anatsegula chikwama, anatulutsa fomu ija, anaitembenuza kumbuyo kopanda malemba n'kuiika pa bondo langa.

"Jambula," anatelo. "Usandinyengelele, ndipo za njoka zija usabweleze. Kachilombo kameneka ndagona nako ndi kudzuka nako zaka makumi awili, koma palibe anandionetsapo mmene kalili. Kajambule kathunthu. Kenako undionetse chimene mumayamba kuchotsa."

Ndinatulutsa cholembela. Basi inkagwedezeka m'makona, mzele woyamba unakhota. Asisi anasendela pafupi n'kugwila pepalalo ndi manja awili kuti lisasunthe, ndipo ndinayambanso.